Mizere ya Achemwali Pamutu Panga

Achemwali anga ankaluka tsitsi pakhonde la golosale ina ku Chileka. Anali amanzere, ndiye mizere yawo inkakhota mobwerera, kuyambira kukhutu mpaka pankhongo. Ukakwera minibasi, azimayi ankangodziwa kuti mutu uwu wadutsa m'manja mwa ndani. Anandiluka Loweruka, akundikalipira kuti ndikugwedezeka ngati ndakhalira linthumbu. Lachinayi anangogwa, osadzukanso.

Tinakawaika kwathu ku Lirangwe. Kwathuko maliro satha abale asanamete, ndiye tsiku lometa litakwana azakhali anakhala pabwalo ndi lezala. Amayi ndiwo anayamba kumetedwa, anawameta mpala.

"Iwe, vula dukulo, ubwere," anatero azakhali.

"Chonde azakhali, ine ayi. Awatu ndi manja a achemwali."

"Manjawo takwirira dzana. Ukufuna uziyenda ndi maliro pamutu?"

Ndinanama kuti ndikukataya madzi. Ndinadzera m'chimanga, n'kukwera kabaza mpaka kumsewu. Munthu wamkulu ndithu, wa ana awiri, kuthawa lezala! Amayi sindinawatsanzike n'komwe.

Koma tsitsi lilibe chisoni, limakula basi. Ndinasiya kuthira madzi kumutu. Mutu unkayabwa koopsa, ine n'kumangoumenya ndi chikhatho kuopa kukanda. Mwamuna wanga anati ndikununkha, ndinamuyankha kuti akagone kukhitchini. Pofika mwezi wachitatu mizere inayamba kufufutika. Mayo ine, ndinachita mantha kuposa tsiku la maliro lija.

Ndinazungulira oluka onse a ku Chileka, mpaka ku Madziabango ndinafikako. "Taonani bwinobwino, mudzandiluke chimodzimodzi." Aliyense ankati kuti aone poyambira ndiye amasule kaye. Amasule? Wina anayesera pamutu pa mwana wake, zinatuluka zokhotera kwina. Ndinamulalatira mayi wosalakwa, kenako ndinakhala pansi pompo n'kulira.

Nditasowa kolowera ndinabwerera ku Lirangwe, ndili wokonzeka kutukwanidwa. Ndinapeza amayi akutongola chimanga, tsitsi lawo litamera kale, imvi zokhazokha. Anandikhazika pakati pa miyendo yawo, n'kundivula duku. Ndinkadikira lezala, koma ndinangomva chala chikutsata mzere umodzi pang'onopang'ono, kuchokera kukhutu mpaka pankhongo. Chikafika, chinkabwerera n'kuyambanso.

"Apa anakoka kwambiri, eti?" anatero. "Dzanja lake linali lolimba chibadwire."

"Anakoka, amayi. Ndinalira."

Anaika nkhope yawo pamutu wonunkhawo, ndipo ndinamva misozi ikulowa m'mizere.

"Tsiku lija ndinawauza azakhali ako kuti iwe akusiye," anatero. "Ndinkafuna ndingogwirako. Potembenuka, iwe palibe."

Miyezi itatu yathunthu ndinawabisira amayi manja a mwana wawo.