Kalavani ya Matailosi ya Si Mfeddal

Tsiku limene mnansi wathu Si Mfeddal ananyamuka ulendo wa ku Portugal anaiwala zinthu ziwiri: kalavani ndi mkazi wawo.

Tonse a mumsewu wathu tinalipo, paja kuno kumzinda wathu wa Tetouan munthu sanyamuka mobisa. Analiza kagalimoto kawo kokalamba kaja, kanabuula, kanafuka utsi, kenaka tinangomva kuti phwa! Chitsulo chokokera chinazuka pamodzi ndi bampala, galimoto n'kuuyatsa wa kumtsetse, kalavani osasuntha ngakhale pang'ono. Tinakuwa, tinakweza manja. Iwo n'kumatibayibitsa pawindo, akuyesa tikutsazikana nawo. Anadzazindikira atafika kumsika. Pobwerera anapeza mkazi wawo, Lalla Rhimou, yemwenso ndi msuweni wawo, atakhala pakhomo pa kalavaniyo, thireyi ya matambula a tiyi ili pamiyendo. Mayiwa anali atakwera kumbuyoko kuti azigwirira matambulawo.

"Takulandirani, Si Mfeddal," anatero Lalla Rhimou. "Kuli bwanji ku Portugal? Mvula ikugwa?"

Ine si wamiseche, kungoti windo langa linayang'ana kwawo.

Si Mfeddal anayendetsa malole moyo wawo wonse. Kalekale, tsitsi lisanachite imvi, lole yawo inafa m'katauni kena ka ku Portugal kotchedwa Mértola, ndipo anakhalako masiku angapo kudikira chitsulo. Mayi wina wamasiye anawabwereketsa chipinda cha matailosi abuluu khoma lonse, n'kumawapatsa msuzi wa buledi ndi adyo. Nkhani yake ndi yomweyo basi. Koma taimva kambirimbiri moti mphaka wa pamalo omwera khofi akangomva kuti Mértola amatuluka.

"Kumeneko palibe anandifunsa kuti ndine mwana wa yani," amatero. "Palibe anandifunsa kuti mlongo wanga akwatiwa liti. Ndinagona tulo, abale anga. Chibwererereni sindinagonenso choncho."

Atapuma pa ntchito anagula kalavani yakale kwa mzungu wina kunyanja ya ku Martil, yaing'ono ngati khola la nkhunda. Chaka chomwecho dokotala anawauza kuti maso awo akuzima pang'onopang'ono, mankhwala palibe, ndipo dzinja likadzabweranso chiwongolero achisiye. Choncho ulendo unali wa chaka chimenecho, apo ayi kulibenso.

Anayamba ndi zing'onozing'ono. Makatani obiriwira ndi ofiira. Pachitseko anajambulitsapo tambala wakuda amene Apwitikizi amamukonda, mpaka amayi ena anabwera kudzafunsa ngati ayamba kugulitsa nkhuku. Kenaka anafuna chipinda chawo chija, chabuluu, kuti azikagonamo m'njira monse. Anaitana Ayachi, mmisiri amene anaika matailosi m'nyumba zathu zonse. Ayachi ataona kabotolo ka guluu kamene Si Mfeddal anagula anaseka mpaka kutsokomola.

"Amalume, guluu ndi wa ana a sukulu. Ine dzina langa likawoloke nyanja litamatidwa ndi zimenezi?"

Anamanga monga amamangira nyumba: waya, mchenga, simenti yokhuthala, kuyambira pansi mpaka kudenga.

Lalla Rhimou nawo anali ndi nkhawa yawo. "Nanga Apwitikizi anuwo akabwera kudzationa akhala pati? Pa kampando kapulasitiki ngati kuchipatala? Mukufuna akatiseke?" Kuno chipinda chopanda mipando yaitali yotsamira khoma si chipinda. Inalowa mipando yamatabwa, matiresi aubweya wankhosa, mitsamiro, ndi mbale yaikulu ya kusikusi, chakudya chathu cha tirigu, yodyera anthu khumi.

Ifenso tinathirapo dzanja. Munthu wapaulendo sapita chimanjamanja, ndipo mphatso ya mnansi sikanidwa. Ine ndinapereka chigubu cha maolivi. Hajja Zhor, amene khoma lawo linagundana ndi la Si Mfeddal, anatumiza thumba la ufa wa tirigu, ati anamva kuti buledi wa kumeneko ngwopepera ngati thonje. Si Mfeddal ankangoyika dzanja pachifuwa n'kumati Mulungu akudalitseni, uku akusunzira katundu pansi pa mipando.

Kunena zoona, inakongola. Madzulo dzuwa likalowera pakawindo, makoma aja ankawala ngati madzi. Si Mfeddal ndinawaonapo atakhala okha m'katimo, nkhope itayandikira khoma kuti aone maluwa a pa matailosi.

Ndiye linafika tsiku la bampala lija.

Bouchta makaniko anabwera masana, anazungulira kalavani, anaponda tayala, anasuzumira m'kati n'kuimba mluzu.

"Si Mfeddal, ichi si cha pamsewu. Iyi ndi bafa ya kumzikiti. Chotsani zolemera, apo ayi mubwereke thirakitala."

Tikiti yawo ya sitima yapamadzi yonyamukira ku Tanger akanatha kuisunthira kumapeto kwa sabata, osapitirira apo. Bouchta anawotcherera chitsulo china. Tinatulutsa maolivi anga, ufa wa Hajja, mbale ija. Tinatulutsa mipando, Lalla Rhimou atayang'ana kumbali. Si Mfeddal anayesanso. Galimoto inalira ngati mbuzi ya pa Idi, kalavani inasuntha pang'ono n'kuima, fungo la kilatchi lili tolo msewu wonse.

"Kwatsala makomawo," anatero Bouchta, ulendo uno osachita nthabwala.

M'mawa mwake Si Mfeddal analowa m'kalavanimo ndi hamala ndi tchizulo. Ine ndinapezeka kuti ndikudutsa. Anamenya kamodzi, tailosi imodzi inasweka. Anatola chidutswa, anachibweretsa pafupi ndi diso, anachitembenuza. Kenaka anakhala pansi, miyendo tambalale, ngati munthu amene wayendetsa lole kuchokera kumalire osaima.

"Rhimou," anaitana. "Ndikagumula zimenezi nditha sabata. Ndikatha, nditsala ndi chitini. Ndikafike kumeneko m'chitini, mayi ajanso mwina anamwalira kalekale." Anapukuta kumaso. "Ndatopa, mwana wa amalume."

Ndinadikira kuti Lalla Rhimou aponye kamawu kawo. M'malo mwake anawalanda hamala, n'kuuza ine kuti popeza ndangoima, ndigwire mbali ina ya mpando tiubwezere m'kati.

Sitima inapita. Dzinja litafika Si Mfeddal makiyi a galimoto anapatsa mkamwini wawo.

Lero kalavani ili pa njerwa pomwe inakanira paja. Tambala wayamba kusuluka. Tikachoka ku pemphero la masana timadzazana m'menemo kumwa tiyi, mawondo akugundana, ndipo alendo a Lalla Rhimou apeza pokhala, kungoti si Apwitikizi. Si Mfeddal amakhala pakona pamene panasweka tailosi, chala chikusisita pachilondapo. Za Mértola amakambabe, koma mwachidule, nthawi zina osamaliza.

Dzana anayambanso. "Ndikanati ndisamvere Ayachi uja, bwenzi pano..."

Hajja Zhor anali atabwera kudzatenga sefa yawo. Anayika tambula pansi n'kunena kuti:

"Musanamizire Ayachi, Si Mfeddal. Matumba a simenti aja munanyamula nokha, ndinakuonani. Inu simunkapita kulikonse. Tasunthani, mwakhalira mpango wanga."