Tayala la Kumbuyo Kumanzere

Ine chibadwire sindinayendetsepo galimoto. Koma kabuku kaja kamene kamakhala m'kabokosi ka kutsogolo, kofotokoza kasamalidwe ka galimoto, ndinakawerenga konse mpaka tsamba lomaliza. Chingerezi chake ndinkachitafuna ngati nzimbe youma, madzi pang'ono, nsagwada kuwawa. Sukulu ndinalekezera panjira, koma kuwerenga kunandikakamira ngati chisoso pa thalauzi. Ndimawerenga nyuzi zokulungira usipa, zolemba za pamatumba a feteleza, ngakhale za pabotolo la mankhwala a chifuwa. Akazi anga amati ndikanakhala kuti ndimalima mmene ndimawerengeramu, bwenzi tili ndi galimoto yathuyathu. Sindiwatsutsa.

Ntchito yanga ndi yotsuka magalimoto a eni pa boma la Dedza, kuseri kwa msika, pamene pali mpopi ndi mtengo wa paini. Ndimakhala m'mudzi wa m'munsi mwa Chongoni, ndipo m'mawa uliwonse ndimapalasa njinga nkhungu isanachoke, kupitirira azimayi opita ku nkhuni. Ntchito imeneyi imadya mawondo. Denga ndi magalasi munthu amatsuka ali chiimire, koma matayala amafuna kuwagwadira. Ndagwadira matayala nthawi yaitali kuposa imene ndagwada m'tchalitchi, ndipo masiku ano ndikati ndidzuke, ndimayamba ndagwira chitseko cha galimoto n'kudikira kuti msana ugwirizane nazo.

Tayala silitsukidwa likadali lotentha. Umalisiya lizizire, kenaka n'kulithira madzi ambiri kuti katondo afewe agwe yekha. Ukatero umatenga sopo wamba ndi bulashi ya pulasitiki, osati ya waya. Thovu loyamba limatuluka lofiirira ngati madzi a m'chithaphwi. Umatsukuluza n'kuyambiranso, mpaka thovu lituluke loyera. Likauma pamthunzi, ngati mwini wake ali nawo mankhwala aja oyera ngati mkaka, umapaka pang'ono m'mbali mokha, osati poponda pansi. Tayala losamalidwa chonchi siliwala ayi. Limangoda bii, mwaulemu, ngati jekete la mkulu wa mpingo.

Anthu ambiri safuna zimenezo. Amafuna liziwala ngati mphuno ya ng'ombe. Anyamata a maminibasi a pa Chimbiya amapaka chilichonse chomwe chili pafupi: mafuta a mabuleki, polishi wa nsapato, dizilo. Lero liwala, mawa fumbi lonse la mumsewu lamatirira, ndipo pakapita nthawi labala amauma n'kuchita timing'alu ngati chidendene cha munthu m'mwezi wa Julaye. Ndinkawauza kale, koma ndinatopa. Munthu wa panjinga akamalangiza za galimoto, anthu amamvera ndi mano.

Mmodzi yekha amene ankagwirizana nane anali mwini sitolo ya nsalu ya pamsewu waukulu, bambo wachisilamu wa ndevu zoyera, wosachedwa kuseka koma wosakonda kubwereza mawu. Galimoto yawo yoyera ndimaitsuka Lachisanu lililonse m'mawa, asanapite kumzikiti. Anzawo a masitolo ena anayamba kubwera kwa ine chifukwa cha mawu awo. Atati andisiye iwo, pampopi paja tingatsale awiri, ine ndi ndowa.

Chaka chimene mwana wathu wamkazi womaliza ankakwatiwa, ndinayenda ndi pempho m'kamwa kwa masabata, osalilavula. Tsiku lina iwo okha anandiyamba.

"Achimwene, galasi limenelo mwalipukuta mpaka latsala pang'ono kubooka. Nenani chomwe chilipo."

"Mwana akukwatiwa, bwana."

"Zabwino zimenezo. Mukufuna nsalu?"

"Nsalu ilipo. Chosowa n'chomunyamula kupita kutchalitchi."

Anaseka, n'kuyang'ana galimoto yawo kanthawi. "Itengeni. Dalaivala wanga abwera nayo Loweruka m'mawa. Maliboni mangani mmene mungathere. Koma matayalawo ndangogula kumene, ndipo ndikudziwa zimene anthu amachita nawo pa ukwati. Pasafike dzanja lina kupatula lanu."

Ndinayamba kulumbira, iwo n'kukweza dzanja. "Musalumbire. Ndamva."

Kwathu kuno mwamuna akakwatira amakakhala kwa mkazi. Ndakhala m'mudzi umenewu mpaka imvi, ndamanga nyumba ya malata, mapichesi omwe ndinadzala akudyedwa ndi zidzukulu, koma ndikadali mkamwini. Mwana ndi wanga akadwala malungo. Pa ukwati mwini mwana ndi malume ake, achimwene aakulu a akazi anga. Alamu angawo ndi munthu wabwino mtima, mlimi wa kachewere, wa mawu omveka kutsidya kwa dambo. Ali ndi mankhwala amodzi omwe amawakhulupirira kuposa onse: oyilo wakuda wokhetsedwa mu injini. Amapaka mizati ya khola kuopa chiswe, mafelemu a zitseko, ngolo, tcheni cha njinga. Chigubu chake chimakhala pakhonde pawo ngati mmodzi wa pabanja.

Loweruka lija kunacha ndi chisanu choluma makutu. Galimoto inafika itafiira ndi fumbi la mumsewu wathu, ndipo dalaivala anamutengera kunyumba ina kukamwa tiyi. Ndinaitsuka yonse. Matayala ndinawagwadira limodzi ndi limodzi, n'kuwapaka mankhwala a mkaka aja omwe bwana anaika kumbuyo kwa mpando. Nditamaliza ndinaima chapatali kuyang'ana, ndipo mtima unakhala m'malo.

Alamu anafika manja ali kumbuyo. Anaizungulira galimoto pang'onopang'ono ngati akugula ng'ombe.

"Alamu, mwamaliza?"

"Ndamaliza, alamu."

"Nanga matayalawa?"

"Ndi omwewo ndamalizira."

"Iyayi! Awa akuoneka ngati akupita kuchigayo. Akuchimuna abwera ndi galimoto ya ku Lilongwe, matayala ake munthu ukudziona nkhope. Ndiye mwana wa mlongo wanga akatsike m'galimoto yotuwa mapazi?"

"Eni ake anati tisapakepo kanthu."

"Eni ake ali kusitolo. Lero eni ake ndife."

Azimayi omanga maliboni anaseka. Achibale anali atayamba kudzaza pabwalo, ndipo mkamwini satsutsana ndi malume a mwana pamaso pa anthu, makamaka tsiku la ukwati. Ndinangoti, "Tiona, alamu." Mawu amenewa andisunga m'mudzi muno zaka zonsezi. Tsiku limenelo iwo anawamva ngati ndavomera.

Nthawi yomweyo akazi anga anandiitana kuti ndikayese jekete, poti anali atasoka mabatani. Sindinachedwemo m'nyumbamo. Ndikumanga batani lapakati ndinamva nthungululu panja, ndipo ndinadabwa chifukwa mkwatibwi anali asanatuluke.

Ndinapeza alamu atanyonyomala pa tayala la kumbuyo kumanzere, chigubu chili pambali, chisanza chomangirira kukamtengo chili m'manja, lilime lili panja ngati mwana wophunzira kulemba. Tayala lonse linali noninoni, oyilo akuyenderera mpaka poponda pansi. Mayi wina ankawomba m'manja amvekere, "Eee, tsopano ndiye yakhala galimoto!" Alamu anadzuka, n'kunyamula chigubu kulunjika ku tayala lachiwiri.

M'maganizo ndinaona pampopi paja, titatsala awiri, ine ndi ndowa. Mabuku onse omwe ndawerenga sanandipatse liwu ngakhale limodzi. Chomwe chinandithandiza ndi ukamwini womwewo.

"Alamu! Mukutichititsa manyazi. Malume a mkwatibwi agwade pafumbi, akuchimuna ali m'njira? Adzati mudzi uno ulibe mkamwini? Patseni kuno chigubucho, ntchito iyi ndi yanga."

Anaima, n'kudziyang'ana mawondo a suti yawo. Azimayi aja anavomereza kuti inde, si ntchito ya malume imeneyo.

"Mwanena zoona," anatero alamu, akundipatsa chigubu. "Koma musaumire. Pakani wambiri."

"Musadandaule. Inu kalandireni alendo kumsewu."

Atangokhota, ndinakaitana dalaivala kuti asunthire galimoto kuseri kwa nkhokwe, ati kumthunzi. Anayang'ana tayala lija, anayang'ana ine, n'kuimba kamluzu kotsitsa. Anabwerera ku tiyi wake.

Ndinavula jekete n'kulipachika pa nkhokwe. Oyilo wakuda salowa ndi mkangano, koma potuluka amakana. Ndinayamba ndi zisanza zouma, kenaka utuchi wa m'khola la nkhuku kuti umwe wotsalayo, kenaka sopo wotsukira mbale. Thovu linkatuluka lakuda ngati mwaye. Madzi ozizira sankaphula kanthu. Akazi anga anatulukira atasenza ndowa ya madzi ofunda omwe anapatula pamoto wa azimayi ophika. Anaitula pafupi nane, atavala kale chilundu cha ukwati.

"Inu, anthu akudikira."

"Ndikudziwa."

"Achimwene akaona?"

"Akwera ya kutsogolo ndi akuchimuna. Sayang'ana kumbuyo amene aja."

Anapumira m'mwamba. "Ndinakwatiwa ndi munthu wa matayala ine," anatero, n'kupita kukatenga ndowa ina.

Ndinakwecha, kutsukuluza, kukwechanso. Ndinalowetsa bulashi m'mizere yonse ya poponda pansi ndi m'zilembo za m'mbali, zilembo zomwe ndimaziwerenga Lachisanu lililonse ngati kuti zisintha. Zala zinachita dzanzi. Belu la kutchalitchi linamveka kutsidya, koma thovu linali likadali lotuwa.

Ndinamva fungo la mafuta onunkhira kumbuyo kwanga. Anali mwana wanga, atavala zoyera, atakwinya diresi m'manja kuopa matope omwe ndinapanga.

"Ababa, mukutani pansipo?"

"Ndikumaliza, mayi."

"Ine sindikukwatiwa ndi tayala, ababa. Tiyeni."

"Kamodzi kokha. Thovu liyere."

Anandiyang'ana mmene amandiyang'anira amake. Kenaka anauza mnzake womugwirira diresi kuti anditungire madzi. Anaima pomwepo, mkwatibwi wathunthu kuseri kwa nkhokwe, mpaka thovu linatuluka loyera.

Kutchalitchi tinafika mochedwa, kwaya itabwereza nyimbo yolowera mpaka mawu kusasa. Thalauzi langa linali ndi zigamba ziwiri za matope m'mawondo, ndipo mayi wina wachikulire anandinong'oneza kuti n'zosangalatsa kuona bambo wopempherera mwana wake chotero. Oyilo anali atalowa m'zikhadabo ndi m'ming'alu ya m'manja. Pa chithunzi cha ukwati chomwe chili pakhoma pathu, aliyense wagwira mnzake, ine ndekha manja ali kumbuyo ngati wapolisi.

Potuluka, alamu anaima pafupi ndi galimoto, nkhope itakwinyika.

"Alamu, oyilo uja wapita kuti?"

"Labala wamwa, alamu. Anali ndi ludzu."

"Si ndinakuuzani kuti mupake wambiri? Vuto lanu ndi kuumira."

Ndinavomera kuti ndine woumira. Linali dzina lopepuka kulisenza.

Lolemba ndinapalasa njinga kupita ku boma, miyendo ikulemera ngati ndasenza thumba la kachewere. Dalaivala anali munthu wosalankhula, ndipo tayala linkaoneka ngati anzake. Ndikanatha kungothokoza n'kudikira Lachisanu. Koma ndinadziwa kuti ndikatero, sabata iliyonse ndizidzagwada pa tayala limenelo bwana ataima pambali panga akundifunsa za banja, ine maso pansi. Zinandilemera kuposa njinga.

Ndinawapeza akuyeza nsalu. Ndinathokoza kaye, monga mwa ulemu, kenaka ndinati, "Limodzi linapakidwa oyilo wakuda. La kumbuyo kumanzere. Ndinalitsuka nthawi yomweyo, koma kupakidwa linapakidwa."

Anaika sizasi pa tebulo. Anatuluka kulunjika ku galimoto, ine pambuyo. Anagwira chitseko cha galimoto n'kugwada pang'onopang'ono, ndipo ndinamva mawondo awo akulira ngati anga. Anapitsa chala chachikulu m'mbali mwa tayala, anachiyang'ana, anachinunkhiza. Anakhala choncho nthawi yomwe kwa ine inatalika ngati ulaliki.

"Anapaka ndani?"

"Malume a mwana."

"Aaa, malume." Anagwedeza mutu. "Nafenso kwathu tili nawo. Ndigwireni dzanja ndidzuke."

Ndinawadzutsa. Anasasa fumbi pa mkanjo wawo.

"Mwana anafika bwino?"

"Anafika bwino, bwana."

"Lachisanu mubwere msanga. Ndili ndi ulendo."

Sananene kuti zatha, ndipo ine sindinafunse. Anzawo a masitolo akubwerabe pampopi. Galimoto sindinabwerekenso, komanso ana aakazi anandithera.

Kuyambira pamenepo Lachisanu lililonse ndimayambira tayala limenelo. Ndimavala magalasi anga owerengera, omangidwa ndi ulusi mbali imodzi, n'kuyendetsa chala m'mbali mwake kufunafuna timing'alu. Nthawi zina ndimaona ngati kalipo, kenaka n'kupeza kuti ndi kaudzu. Lakalamba tsopano pamodzi ndi anzake, mizere yayamba kufufutika, ndipo sindingathe kunena ngati lakalamba msanga kuposa enawo. Bwana akuti mvula ikamayandikira asintha onse.

Alamu anamva zimenezi, sindikudziwa kwa yani. Anabwera kunyumba dzana kudzandiuza kuti ndiwapemphere awiri akale aja, aike ku ngolo yawo. Akuti la kumbuyo kumanzere lisasowepo, poti amalidziwa, ndi lomwe linawala. Chigubu akuti achidzaza kale. Ndinali nditakhala pakhonde, mapazi ali m'beseni la madzi ofunda, ndipo ndinangoti, "Tiona, alamu."