Wodwazika Amalume Anali Ndani

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa chifukwa chogona pakapeti. Amayi a kumpingo anali atafola m'chipinda chochezera cha amalume ku Hull, kuno ku Mangalande, aliyense atafunda chitenje pamwamba pa jekete. Nyimbo zogonera pamaliro tinaimba motsitsa mawu poopa aneba, ngati tikugoneka khanda. Thupi silinali nafe. Linakhala masabata atatu kosungira mitembo, ndipo mpaka lero ndimadabwa kuti anzathu akuno amalira bwanji maliro atapola chonchi.

Koma nkhawa yanga inali ina. Kwathu asanaike munthu, wodwazika amaimirira n'kufotokoza mmene matenda anayendera. A tcheyamani a mpingo analemba dzina langa osafunsa, poti ndine mwana wa mlongo wawo wa malemu, komanso ntchito yanga ndi yosamalira okalamba m'makomo. Mayi anga ku Ntcheu, amene ankadikira kuonera mwambo pafoni, anali atauza mudzi wonse kuti alongo awo ali m'manja mwa Tadala. Chonsecho ine ndinkazungulira Middlesbrough kusambitsa makolo a eni, kwa amalume n'kumafika kamodzi pamwezi. Amene ankabwera kanayi patsiku anali Maureen, mayi wachizungu yemwe khonsolo inatumiza itawayeza amalume n'kupeza kuti sangathenso kudzuka okha.

Kutacha, mbaula za gasi zinayaka m'galaja, fungo la nkhuku ndi anyezi n'kudzaza msewu wonse. Anthu anafika kuchokera ku Salford ndi kwina, ena ali mu yunifolomu ya kuntchito, tulo tili m'maso. Kunkawaza kamvula kosatha kaja, mphepo ikulowa mpaka m'mafupa. Patsogolo pa galimoto ya maliro panayenda bambo wachipewa chachitali, ndodo m'manja, pang'onopang'ono ngati akuwerenga mapazi. Ndinadzifunsa ngati ameneyu ndiye mdzukulu wakuno. Nanga bwanji sakutiseleula anamfedwafe ngati adzukulu akwathu?

M'tchalitchi ndinamuona Maureen pabenchi yomaliza, akuyang'ana wotchi mozemba. Ndinadziwa kuti pali nkhalamba ina ikumudikira. Atanditchula ndinaimirira ndi kapepala kamene ndinakopera m'buku lomwe osamalira amalembamo akafika panyumba. Mayi wina anakweza foni, ndipo ndinaona nkhope ya mayi anga, duku kumutu. Manyazi anandigwira.

"Wodwazika si ine," ndinatero. "Ali kumbuyoko."

Anthu anatembenuka onse. Maureen anabwera nkhope itafiira, nalankhula m'Chingerezi, ine ndikumasulira. Anati masabata awiri oyamba amalume anakaniratu kusambitsidwa ndi munthu wamkazi, iye n'kumangopereka thaulo ali kuseri kwa chitseko. Anati tsiku lina amalume anamudzudzula kuti wolowa m'nyumba mwakachetechete ndi mbala, ngakhale kiyi atamupatsa ndi a khonsolo. Anamuphunzitsa kunena kuti odi, n'kudikira mpaka amve kuti lowani. Zaka ziwiri sanaphonyepo. M'mawa womaliza anaodira katatu ali m'khonde koma lowani sanamveke, ndipo anaima pomwepo nthawi ndithu, akudziwa kale.

Tchalitchi chonse chinabuula. Zonsezi m'buku muja munalibe, ndipo ine ndinazimva koyamba zikutuluka pakamwa panga pomwe.

Kumanda tinapeza atakumba kale ndi makina, dothi ataliphimba ndi kapeti wobiriwira ngati chinthu chochititsa manyazi. Tinaponya kadothi, tinaimba ndime ziwiri, mvula n'kutibalalitsa. Maureen anali atathamangira kale kuntchito.

Madzulo anthu atabalalika, nyumba inangoti zii. Pakona panatsala bedi lamawilo ndi chonyamulira wodwala, zikudikira eni ake a khonsolo. Foni italira ndinakhala pansi kaye, pakuti ndinkadziwa kuti ndi mayi, ndipo ndinali nditatchera kale khutu kuti andikalipire. Koma iwo anangofunsa ngati mayi wachizungu uja anadya. Ndinati ayi.

"Wodwazika sachoka pamaliro ndi njala. Mawa umupititsire chakudya, ndipo ukagwade popereka."

Ndinavomera, mtima ukutsika. Ndinkati nkhani yatha.

"Nanga iwe, Tadala, m'nyumba za makolo a eni akewo, umaodira?"

Ndinakumbukira kabokosi kosungiramo kiyi panja pa chitseko cha amalume, kofanana ndi ta m'makomo omwe ndimagwiramo ntchito. Ine ndimangopotokola kiyi n'kulowa.