Majombo a ku Kanyama pa phiri la a Phiri

Tinanyamuka ku Kanyama, kwathu mu Lusaka, Lachisanu m'mamawa, mvula ikuwaza, madzi akulekeza m'akatumba. Aliyense anali atavala majombo, chikwama chili pamutu, ndipo tinatuluka m'komboni monga timatulukira chaka chilichonse nyengo ya mvula: pamzere, wam'mbuyo atagwira chitenje cha wam'tsogolo, phazi likuponda pamene lachoka la mnzake. Kwathu madzi akadzaza sudziwa pamene pali njira ndi pamene pali dzenje, choncho amene watsogola ndiye amaonera onse.

Tinali kagulu ka amayi a kutchalitchi kwathu ndi bambo mmodzi, a Daka, mkulu wa mpingo, amene anadzisankha okha ponena kuti akazi okhaokha sangayende ulendo wa kuphiri. Tinkaperekeza amake Yohane, amene khomo lawo layang'anizana ndi langa. Amuna awo, a Phiri, anamwalira chaka chatha nyengo yomweyi. Anali mmisiri womanga nyumba ndipo anakalambira ku Lusaka, koma pakamwa pawo sipankachoka phiri la kwawo ku Katete, kumene ankadyetsa mbuzi ali mwana. Ali m'chipatala anapempha kuti akadzamwalira akaikidwe patsinde pa phirilo. Sizinatheke. Mvula inali itadula msewu wa kumudzi, maliro sakanadikira, ndipo tinawaika kumanda a m'tauni, pamalo osalala ngati mphasa.

Kuyambira tsiku limenelo amake Yohane sanapeze mtendere. Anati popeza a Phiri analephera kupita kuphiri, iwo akatola mwala pamwamba penipeni, pamene amuna awo ankakhala poyang'anira mbuzi, n'kudzauika kumutu kwa manda pokumbukira kuti patha chaka. Anati adzautola ndi dzanja lawo, osati la wina. Vuto linali bondo lawo lamanzere, limene limatupa ngakhale pongopita kumsika.

Za majombo anatilangiza ndi a Daka. "Kuli mvula uko, ndiye majombo chabe, bamayo. Musavutike na vinsapato vina." Palibe anatsutsa, chifukwa kwa munthu wa ku Kanyama ukati mvula wati jombo. Komanso pakati pathu panalibe amene anakwerapo phiri. Ine chinthu chachitali chimene ndinali nditakwerapo ndi mlatho wa oyenda pansi wa m'tauni, ndipo ndimapumira pakati.

Pa siteshoni ya mabasi akuluakulu tinalipira K350 aliyense. Kondakitala anatiyang'ana kumapazi, mmodzimmodzi, nafunsa mwaulemu wonse: "Imwe bamayo, muyenda kukapempela kapena kukagwila nsomba ku Luangwa?" A Daka sanaseke.

Titapitirira Chongwe mvula inaleka. Pofika pa mlatho wa Luangwa dzuwa linali likuswa mtengo, mapazi athu akupsa m'majombo ngati mbatata za m'phulusa. Tinagula nsomba zowamba zoti tikapereke kumudzi, chifukwa sungafike pakhomo pa apongozi a mnzako manja ali lende. Pa Nyimba nthochi zinalowera pazenera, ndipo amake Yohane anadya imodzi n'kutambasulira mwendo wawo m'kanjira ka pakati pa mipando. Tinatsika pa Katete dzuwa litapendeka, mitambo itayambanso kusonkhana, ndipo tinakwera kalole konyamula matumba a feteleza kamene kanatigwedeza mpaka kumudzi.

Anatilandira ndi a Lazaro, mng'ono wa malemu, munthu wamtali wosachedwa kutsitsa maso. Malonje anatipatsa, mphasa anatiyalira, koma mawu awo anali ozizira. Atamva chimene tadzera anati, "Alamu, munthu munamusunga kumeneko. Lero mwabwerera mwala?" Amake Yohane anangowerama. Ine mtima unandiwawa, koma ndinali mlendo, ndipo mlendo amameza mawu.

Loweruka kunacha kuli kamvula kaliwisiwisi ndi mphepo yolowa m'mafupa. Phiri linali pomwepo kuseri kwa minda, koma mutu wake unali m'mitambo. A Lazaro anavomera kutitsogolera, mwina poopa kuti tikasochera mlandu udzakhala wawo. Iwo anavala nsapato zodula ku tayala ndi thumba la feteleza lobowola pamutu. Ataona majombo athu ali ndandanda pakhonde anafunsa, "Mukwera ndi izi? Izi n'zakudimba."

"Ba Lazaro, ise ba ku Kanyama mvula tiiziba," anatero a Daka. A Lazaro anangotsogola, ife n'kutsatira.

M'minda ya chimanga majombo anatipatsa ulemu. Matope anali tho, ife tikungodutsa chilili, mpaka tinayambitsa nyimbo. Titalowa m'tchire nyimbo inayamba kuchepa. Udzu unali wotalika kutiposa, wolemedwa ndi madzi, ndipo uliwonse umene taukhudza unkatikhuthulira m'khosi ndi m'miyendo. Apa m'pamene ndinaphunzira kuti jombo imatchinga madzi ochokera pansi okha. Akalowera pamwamba imawasunga bwinobwino, osataya ngakhale dontho. Tinkayenda aliyense atanyamula zidebe ziwiri kumapazi, zikulira chofu chofu.

Kenako tinafika pathanthwe. Linali lotsetsereka, lakuda ndi ndere, madzi akuyenderera pamwamba pake. A Lazaro anangodutsa. A Daka anatsatira molimba mtima, ndodo m'manja, ndipo sanapite patali: miyendo yonse iwiri inawatsogolera, iwo n'kukhala pansi, n'kutsetsereka mwakachetechete mpaka pamapazi pathu. Anakhala kaye pomwepo akuyang'ana kumwamba. "Mwala uyu uli na sopo," anatero. Tinayesetsa kusaseka mkulu wa mpingo, koma zinakanika. Thanthwelo tinalikwera chokwawa, majombo akutikokera m'mbuyo.

Cha kumasana tinabisala pansi pa mwala waukulu wotuluka ngati khonde. Kuzizira kwake sindinakuonepo. Zala zinakana kumasula mfundo ya chikwama, mano akugundana, milomo itayera. Tinagawana chimanga chophika ndi tiyi wa m'fulasiki amene anali atatsala pang'ono kukhala madzi wamba. Amayi ena ananena mosabisa kuti iwo afika, ena apitirize. Palibe anawadzudzula.

Amake Yohane atakweza chitenje tinaona kuti bondo latupa, likunyezimira. A Daka anatola kamwala pomwe tinakhalapo. "Bamake Yohane, tengani aka. Ni phili imozi-mozi. Mulungu aona mutima."

Amake Yohane anapukusa mutu. "Ninakamba pamwamba, pamene ba Phiri benze kunkhala na mbuzi. Ninalepela kamozi, ba Daka. Siningalepele futi." Atatero anayamba kulimbana ndi jombo yawo. Ndinawathandiza kukoka, ndipo itavuka munatuluka madzi okwana kutsukira mbale. Nanenso ndinavula anga. A Daka anayang'ana majombo awo kwa kanthawi, ngati munthu wotsanzikana ndi mnzake, nawonso n'kuvula. Tinawasiya ndi amayi otsalawo, ife n'kutuluka opanda nsapato.

Mwala unali wozizira moti mapazi anachita dzanzi, koma zala zinkaugwira. Chimene chinatiopsa tsopano chinali nkhungu. Inatsika mwadzidzidzi mpaka munthu wotalikira pang'ono ankangooneka ngati chithunzithunzi, ndipo kumanzere tinkamva mphepo ikuwomba kuchokera kuphompho limene sitinkaliona. Popanda wolamula tinangopezeka tili pamzere. Amake Yohane anagwira thumba la a Lazaro, ine ndinagwira chitenje chawo, a Daka anagwira changa, phazi pamene lachoka phazi.

A Lazaro anacheuka. "Kayendedwe aka munakaphunzira kuti?"

"Ku Kanyama, mu manzi," ndinayankha. Ndipo popeza kulankhula kumaiwalitsa kuzizira, ndinawafotokozera mmene madzi amalowera m'nyumba zathu, mmene timakwezera mabedi pa njerwa, ndi mmene akulu awo, mvula ikangoyamba, ankatutira miyala ndi zidutswa za mabuloko pa wilibala n'kuziyala m'kanjira kathu kuti ana a sukulu ndi okalamba azipondapo. Mpaka lero timati miyala ya ba Phiri. Ndinawauzanso kuti tsiku la maliro galimoto inalephera kufika pakhomo, ndipo bokosi linatuluka pamapewa, onyamula akuponda pa miyala yomweyo.

A Lazaro anapitiriza kukwera. Patapita nthawi anati, osacheuka, "Ine tsiku limenelo ndinali kumtsinje uko, nditavala jekete, ndikudikira madzi aphwe. Ndinabwerera madzulo. Akulu anga sindinawaponyere dothi." Pamenepo ndinazindikira kuti ukali wawo wa dzulo sunali wa kwa ife.

Chikweza chomaliza chinali chachifupi koma choimirira, ndipo bondo la amake Yohane linakaniratu. Anakhala pansi, misozi ikusakanikirana ndi mvula. Tinamasula zitenje ziwiri n'kuzilumikiza, kuwakulunga m'khwapa, a Lazaro akukoka kumwamba, ine ndi a Daka tikukankha kumbuyo. Sikunali kukwera kwaulemu. Koma a Lazaro ankati, "Pondani apa, alamu. Apa. Mwatsala pang'ono," ndipo mawu awo sanalinso ozizira.

Pamwamba sitinaone kanthu. Anthu amati ukaima pamenepo umaona midzi, minda ndi msewu wa ku Chipata. Ife tinaona kuyera kokhakokha, ngati taphimbidwa ndi nsalu yonyowa. A Lazaro anatitsogolera ku mwala wina wafulati n'kuloza pansi. Panali timaenje tating'ono m'mizere, todzaza madzi a mvula. "Nsolo yathu. Tinkasewera apa mbuzi zikudya. Akulu anga ankakhala uku, ndipo ankabera."

Amake Yohane anaseka koyamba paulendo wonse. "Na ku Kanyama benze kubela." Anagwada ndi bondo lamoyolo mbali imene amuna awo ankakhala, nasisita timaenjeto, kenako anazula mwala wonga nkhonya ziwiri umene unali m'mphepete. Tinayesa kuimba, koma nsagwada zinkanjenjemera moti nyimbo inathera pa vesi loyamba. A Daka anapemphera pemphero lalifupi kuposa onse amene ndinawamvapo.

Tikuti tinyamuke, a Lazaro anawerama n'kutola mwala wina mbali yawo ya nsolo. Anaupukuta pathumba lawo n'kuupereka ndi manja awiri. "Alamu, uwu ukhale dothi langa. Mukawauze akulu kuti Lazaro anachedwa ndi mtsinje." Amake Yohane anaika miyala yonse iwiri m'chitenje n'kuibereka kumsana ngati mwana.

Kutsika kunali kowawa kuposa kukwera, ndipo mbali yaikulu tinatsika chokhala, potsatira njira imene a Daka anatisonyeza m'mawa. Anzathu tinawapeza pansi pa mwala paja atakumbatirana ngati anapiye. Majombo tinawamangirira m'khosi mpaka kuminda, kumene anayambanso kugwira ntchito. Tinafika pamudzi kusanade, ndipo akazi a a Lazaro anali atatenthetsa kale madzi othowera bondo la alamu awo.

Lamlungu titapemphera a Lazaro anatiperekeza mpaka ku Katete. Amake Yohane anali ataika miyala ija m'jombo imodzi kuti isang'ambe chikwama. Kondakitala wa basi yobwerera atainyamula anadabwa kulemera kwake. "Bamayo, muli chani umu?"

"Muli phili, mwana wanga. Ika bwino."

Lachiwiri tinapita kumanda, kagulu komwe kaja pamodzi ndi ana a malemu. Kunali kamvula, manda ali m'matope, ndipo tonse tinali m'majombo athu, amene kuno kwawo salakwa. Ine ndinali nditaphunzira kuti kudziwa mvula ya kwanu si kudziwa mvula yonse, ndiponso kuti munthu wolankhula mokalipa pa nkhani ya maliro nthawi zina amakhala kuti sanapeze polirira. Amake Yohane anafika akutsimphina, atatsamira paphewa langa, atavala majombo obwereka, jombo ya miyala ija ili m'khwapa. Anapendeketsa jombo, miyala iwiri n'kugwera m'manja mwawo, ndipo anaikhazika kumutu kwa manda moyandikana, n'kuitsindira ndi chikhatho.

"Ba Phiri, sitinakupelekeni ku phili, ndiye phili yabwela yeka. Uyu ni wanga. Uyu ni wa ba Lazaro. Bakuti banachedwa na mumana, koma bafika."