Pensulo ya Wometa wa ku Toledo

Wometa tsitsi wa mumsewu wathu, mumzinda wa Toledo ku America, ali ndi pensulo imene munthu wina saikhudza. Mwezi wa Okutobala, matimu awiri a mpira womenya ndi ndodo wa bezibo akamalimbirana chikho cha World Series, mkuluyu amakhala pafupi ndi wailesi n'kumalemba papepala chilichonse chochitika pabwalo. Makasitomala amangodikira. "Ndevu sizithawa," amatero.

Loweruka masana pa 22 Okutobala 2005, mkuluyo akujambula papepala mizere yolembamo masewero oyamba a chikhochi, kunabwera Wilfredo wa ku Dominican Republic kudzapempha kukwatira mwana wa mkuluyo, Loretta, yemwe anali pomwepo. Mkuluyo sanadzutse n'komwe mutu. Wilfredo anaimirira mpaka mtima unamupsa.

"Bambo, chikho chanuchi mumati n'cha dziko lonse lapansi, chonsecho mumasewera nokhanokha ndi timu imodzi ya ku Canada. Manyazi mulibe?"

Loretta anagwira pakamwa.

"Mu 1903, pamene chikhochi chinkayamba, dzinalo kunali kudzitama chabe, kuti anthu adzaze bwalo," anatero mkuluyo. "Koma taona mayina a osewera ndalembawa. Uyu ngwa ku Cuba, uyu ku Japan, uyu ku Venezuela. Uyu ngwa kwanu, mwina wapakamwa ngati iwe. Dziko lapansi limabwera lokha kuno kudzatenga zabwino zathu."

Anayang'ana mwana wake nthawi yaitali. Kenako anakoka mpando n'kumupatsa Wilfredo pensulo ija.

"Khala apa, mkamwini. Ukalakwitsa, ufufute bwinobwino."