Mdala Wochapa Timatumba ta Maluwa

Mdala woyandikana nafe kuno ku Mindo amadziwa tichoso tonse tobwera m'munda mwake. Timbalame toyamwa maluwati amatikalipira ngati adzukulu: "Iwe wobiriwira, dyera bwanji!"

Mwezi watha Yadira, mtsikana wa ku yunivesite, anamanga timatumba pa maluwa makumi anayi a mdalayu, kuti aone ngati angabereke popanda mbalame kuwafika. M'mawa mwake anapeza timatumba tonse tili pachingwe, tochapachapa.

"Bambo, mwandiphera kafukufuku!" anatero kwa mdalayo, misozi ili lengelenge.

"Pepa mwanangu. Anzangawa amalira njala pazenera panga."

Pano anagawana, maluwa makumi awiri a sukulu, enawo a mbalame. Koma m'mawa uliwonse Yadira akawerenga timatumba take, kamodzi amakapeza pachingwe.