Wogulitsa makina osokera pa lamya

Chaka chimene mayi anga aang'ono anathawa nkhondo ku Mozambique, ine ndi amuna anga tinkakhala pa Mangochi m'nyumba ya boma yokhala ndi lamya. Mayiwo anafika mapazi atatupa, ali ndi nsalu imodzi yokha. Sitinakawalembetse ngati othawa kwawo, poopa kuti awatengera kumsasa.

Tsiku lina m'mawa ndikusita, lamya inalira. Anali bambo wa mawu osalala, akuti akuimba kuchokera ku Blantyre, amagulitsa makina osokera.

"Ine sindisoka, bambo," ndinatero.

"Nanga ena m'nyumbamo? Mulimo angati?"

Ndinadula. Mawa lake anaimbanso, mkuja wakenso. Ankadziwa dzina la amuna anga ndi ofesi yawo. Tsiku lina ndili pa lamyapo, mayi aang'ono anandiitana m'Chiyao ali kukhitchini.

"Ndamva achikulire kumbuyoko," anatero bamboyo. "Achokera kuti? Amenewo ndiye odziwa kusoka."

Nditadula lamya n'kuwafotokozera mayi za bamboyo, anakhala pansi pomwepo. Anati kwawo asilikali ankayamba choncho, kufunsa mwaulemu kuti pakhomo pali anthu angati. Kuyambira pamenepo lamya ikalira ankathawira kubafa n'kudzitsekera. Anasiya ngakhale kukhala pakhonde.

Amuna anga anapita kukadandaula ku ofesi ya matelefoni. Kalaliki anawamvetsera bwinobwino, kenako anawatsegulira buku la manambala n'kuwalozera dzina lawo.

"Achimwene, nambala ili m'bukumu aliyense akhoza kuimba. Wakutukwanani?"

"Ayi."

"Ndiye lamulo lomuletsa ine sindikulidziwa."

Kuzula waya sitikanatha, chifukwa amuna anga ankaitanidwa kuntchito pa lamya yomweyo. Ndinayesa kumukalipira bamboyo. Anangoseka, nati makina atsala ochepa.

Patatha milungu itatu mayi anamanga kamtolo kawo. Ndinawagwira mkono pachitseko.

"Mwanawe, ndisiye," anatero. "Kumsasa wondifunsa mafunso ndizimuona nkhope."

Amuna anga anawaperekeza kukalembetsa. Mayi anakhala kumsasako mpaka anthu atayamba kubwerera kwawo, ndipo ndinawaonako kawiri kokha.

Bambo uja anaimbabe kangapo, kenako anangosiya. Mpaka lero sindidziwa ngati anali kazitape kapena munthu wongofuna kugulitsa katundu wake. Amuna anga ankati anali wamalonda basi, ndipo mwina ankanena zoona.